Kulira Kumene Amalume Anajambula

Kiyibodi ya amalume inali ndi makiyi atatu akufa, onse chapakati pomwe zala zimakonda kupita. Ukawadina ankangoti khwa, ngati wathyola kamtengo, nyimbo ayi. Amalume anamatapo timapepala tofiira kuti asamaiwale, ndipo nyimbo zonse zimene anapeka m'moyo wawo waufupi zinkazemba malo atatu amenewo. Inkakhala pathebulo la pabalaza m'nyumba yathu ya lendi ku Kawale, itafundidwa chitenje chakale cha amayi chifukwa cha fumbi. Magetsi akathima, zomwe zinkachitika pafupifupi tsiku lililonse, amalume ankapitiriza kuimba chosamveka, maso ali chitsekere, ine n'kumangomva zala zikugunda pulasitiki. Ndinkaganiza kuti mutu wawo sukuyenda bwino, ndipo ndinkawakonda kwambiri chifukwa cha zimenezo.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali kamtsikana ka zaka khumi ndi chimodzi, ndili sitandade faifi. M'nyumbamo tinali atatu: amayi, ine, ndi amalume, mlongo wawo wa amayi wamng'ono, amene amayiwo anamulera okha makolo awo atamwalira. Amayi ankangowatchula kuti "iwe", iwo ankati "achemwali". Bambo anali ku Joni, ankabwera mwa apo ndi apo. Kwa ine anali mawu a pafoni ndi nsapato zimene zinkafika zitandichepera kale. Ndati tinali atatu, koma mpaka nthawi ya dzinja tinali anayi. Panali mlongo wanga wakhanda, wa miyezi isanu ndi inayi, wamasaya onenepa, yemwe malungo anamutenga m'masiku atatu okha. Amayi ankagulitsa kaunjika wa ana pamsika, ndipo patangotha masabata awiri chiikireni maliro anabwerera pabenchi pawo, n'kumakweza m'mwamba timalaya ta makanda kuti azimayi odutsa aone. Panthawiyo sindinaonepo chachilendo. Lero ndili ndi mwana wangawanga, ndipo ndikaganiza za manja awo pa timalaya timeneto, mtima umandipweteka.

Bambo sanabwere pamaliropo. Mapepala awo anali atatha, akanatuluka sakanalowanso. Anaimbira amalume foni akulira, n'kuwapempha kuti awajambulireko mwambo wonse, amveko ngakhale mawu okha. Choncho amalume anaika foni m'thumba la malaya, n'kuima pakhomo pa siwa, m'chipinda mmene amayi anakhala pamphasa pafupi ndi kabokosi. Palibe anaona. Ine ndinali m'kati momwemo, nditapanikizika pakati pa azimayi a mpingo, ndipo ndikukumbukira fungo la nsalu zonyowa ndi mvula komanso mmene amayi anabumira. Sankakuwa ngati ena. Mawu awo ankayambira pamwamba, n'kumatsika pang'onopang'ono ngati munthu wotsika masitepe atasenza katundu, akafika pansi n'kupuma, n'kuyambiranso. "Dzuka uyamwe, bambo, mawere akundiwawa ine. Dzuka uyamwe, bambo." Anabwereza mawu amenewo mpaka adzukulu atabwera kudzanyamula.

Nthawi yomweyo kagulu ka achinyamata a m'dera lathu kankajambula filimu ndi kamera yobwereka kwa munthu wojambula maukwati. Inali nkhani ya mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake anamulanda zonse, kenako mwana wake n'kumwalira. Amalume, poti ankaimba kiyibodi kutchalitchi, anapatsidwa ntchito yoika nyimbo. Zonse zinayenda, kupatula malo amodzi. Mtsikana amene ankasewera ngati mayiyo anali asanaberekepo, asanaferedwepo. Anamupaka anyezi m'maso, misozi inatuluka ndithu, koma akatsegula pakamwa kuti alire, ngakhale wogwira kamera ankaseka. Ndiye tsiku lina amalume akumvetsera zimene anajambulira bambo zija, khutu lawo la woimba linamva chinthu chimene tonsefe sitinamve: kulira kwa amayi kunali ndi chuni. Anakhala pakiyibodi, n'kupeza kuti chunicho sichidutsa pa makiyi akufa aja. Anayala kiyibodi pansi pa mawuwo, anawonjezera kamkokomo kuti amveke ngati akuchokera kutali, mtsikana uja anamujambula chakumbuyo atagwada pamanda, basi filimu inatha.

Ndakhala zaka zambiri ndikufuna kuwaweruza amalume, ndipo masiku ena ndimawaweruza ndithu. Sanali munthu woipa mtima. Mwanayo ankamubereka kumbuyo ngati mzimayi, amuna anzawo n'kumawaseka, iwo osasamala. Koma anali ndi matenda a anthu aluso, oti akaona chinthu chokongola amaiwala kufunsa mwini wake.

Filimuyo inatuluka dzinja likutha, ndipo pofika nthawi yachisanu inali m'kamwam'kamwa kuyambira ku Kawale, Biwi, mpaka ku Chinsapo. Masiku amenewo mzere uliwonse wa nyumba unali ndi vidiyo yake: kachisakasa ka matumba ndi mapepala akuda, mabenchi a matabwa m'kati, sipika itapachikidwa panja kuti ikope odutsa. Anthu a ku vidiyo ambiri sanapite patali ndi sukulu, koma pa nkhani ya nyimbo za m'mafilimu aliyense anali pulofesa. Ankadziwa kuti m'mafilimu a ku Nigeria nyimbo imakuuziratu kuti mfiti yafika iyo isanaoneke. A ku India ankati ndi abwino, kungoti amaimba ngakhale pamene munthu akufunika kuthawa. A karate, ng'oma ikangoyamba ndiye kuti wina athyoka nthiti. Za ife eni dziko ankati timangotola nyimbo ya kwaya n'kuimata paliponse, paukwati yomweyo, pangozi yomweyo. Koma iyi ya amalume inawatseka pakamwa. "Nkhani yake ndi yazii," ankatero, "koma mayi wolira uja, eee, ameneyo ndiye filimu." Anyamata ankalowa kuti angoonera malo okhawo, n'kumakuwa kuti abwezenso. Ena anaika kulirako m'mafoni mwawo kuti kuzimveka wina akawaimbira.

Ine amayi anandiletsa kupondako ku vidiyo. Ankati kumeneko n'kumene ana aakazi amaphunzirako mwano ndi kutengako nsabwe. Koma Loweruka lina masana, atandituma kukagula makala, ndinatsatira anzanga awiri n'kulowa. M'katimo munali mdima ndi fungo la thukuta, mapazi ndi chimanga chootcha. Ndinakhala pansi kutsogolo ndi ana anzanga, ndikuonera mokondwa, ndikuloza nyumba ndi anthu amene ndinkawadziwa. Ndiye panafika pamanda paja. Kiyibodi inayamba pansipansi, kenako mawu anatsika kuchokera pamwamba, ndipo thupi langa linawadziwa mutu usanadziwe. Ndinachita tsembwe paliponse. Fungo la nsalu zonyowa lija linandibwerera m'mphuno. Ndinachita mantha, ndinafuna kuthawa.

Kenako ndinacheuka. Kumbuyo kwanga amuna akuluakulu, makondakitala, mavenda, ometa tsitsi, amene tsiku lonse amatukwanizana pasiteji, anali chete, ena akupukuta m'maso ndi zipewa n'kumanamizira utsi. Apa ndiyenera kunena chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero: mantha aja anatha, m'malo mwake munalowa kunyada. Amayi anga, aja a pabenchi la kaunjika, aja ovala patapata womanga ndi waya, akuliza amuna onsewa!

Nditabwerera kunyumba ndinawapeza amalume kuseri akuchapa malaya awo a kutchalitchi. Sindinafunse kanthu, ndinangoimba motsitsa, "Dzuka uyamwe, bambo." Sopo anawapulumuka m'manja. Anandigwira mapewa ndi manja a thovu, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Amayi ako asamve. Ndidzawauza ndekha, ndikungodikira kuti mtima wawo ukhale pansi." Anandigulira mandasi awiri. Ndinalonjeza, ndipo ndinasunga lonjezolo masabata asanu, omwe kwa mwana wapakamwa ngati ine anali zaka.

Mwina mukudabwa kuti amayi sanadzimve bwanji okha, masipika ali ponseponse. Ankamva. Tikamadutsa pa vidiyo popita kutchalitchi ankafulumiza mapazi, n'kunena kuti, "Nyimbo imeneyi imandibaya mutu." Koma munthu sazindikira mawu ake akamatuluka m'sipika yosweka, kiyibodi ikulira pansi pake. Ndiponso wolira maliro a mwana wake sakumbukira zimene ananena, zimangotuluka zokha. Azimayi amene anali nawo m'siwa muja, ndikukhulupirira kuti ena anazindikira. Anasunga pakamwa. Akuluakulu anali ndi manyazi amene ine ndinalibe.

Zinthu zinasokonekera pamene achinyamata aja anapeza bwana wina wa m'tauni amene anati filimuyo ndi yabwino koma inajambulidwa mwaumphawi, aijambulenso. Anabweretsa kamera yatsopano, magalimoto, mtsikana wina wa ku Area 25 m'malo mwa uja wa anyezi, ndiponso katswiri wa nyimbo wa situdiyo, woti anaphunzira kunja, kuti alowe m'malo mwa amalume. Amalume anangouzidwa pafoni. Tsiku limenelo sanadye, ndipo kachifuwa kamene anali nako kuyambira kale kanayamba kumveka kwambiri. Katswiri uja anachotsa zonse za amalume. Pamanda paja anaikapo mavayolini ambirimbiri a m'kompyuta, ndi mtsikana wa mawu osalala woimba "uuu, uuu" ngati ali paukwati. Asanamalize filimu yonse anatulutsa kachigawo kolawitsa anthu, ndipo modzidalira anasankha malo a pamanda omwewo.

Kunali moto. Ku vidiyo anthu anagenda wailesi yakanema ndi zitsononkho. Pakiyosiki ya madzi, m'maminibasi, kometera tsitsi, mkangano unali womwewo. Ochepa ankati yatsopanoyo ndi ya levo ina, tisamakakamire zaumphawi. Ambiri ankati, "Iyi ndi feki, atibwezere mayi wathu." Ena ankati katswiriyo ali ndi makina koma alibe mtima. Ena ankati amalume nawonso asadzitame, anangochita mwayi kupeza mayi ameneyo. Ndipo onse ankathera pa funso limodzi: kodi mayiyo ndani? Wina anati ndi woimba wa ku Blantyre amene anamwalira kale. Wina analumbira kuti ndi wa ku Zambia. Amalume akafunsidwa ankangozyolika. Ine ndinkamva zonsezi nditaima pamzere ndi ndowa yanga, chinsinsi chikunditentha m'kamwa ngati mbatata yongophula kumene. Mpaka lero mkangano umenewu umadzukabe m'magulu a pafoni. Ana amene panthawiyo anali asanabadwe amalemba kuti yakale ndiye orijino, wina ayesenso kachitatu. Ndimawerenga, sindiyankha. Kukhala chete ndinakuphunzira mochedwa.

Aphunzitsi athu anali bambo a kumpoto, aatali, ovala jekete imodzimodzi chaka chonse, otsogolera kwaya kutchalitchi kwawo. Ankakonda nyimbo kuposa masamu amene ankatiphunzitsa. M'mawa wina wa Julaye, tikunjenjemera pasimenti, manja ali m'khwapa, anasiya phunziro pakati n'kuyamba za filimu ija. "Filimu ndi makutu," anatero, "maso amangoperekeza." Anati yatsopanoyo ili ngati nyumba ya malata owala yopanda munthu m'kati. Kenako anati mayi wa m'filimu yakaleyo ayenera kuti anaphunzira kuimba kusukulu yapamwamba, chifukwa munthu wamba sangatsitse mawu mwadongosolo choncho, n'kumapuma pamalo oyenera, ngati kuti akuliradi.

Ngati kuti akuliradi. Mawu amenewo ndi amene anandinyamula pansi paja. Ndinangopezeka ndaimirira. "Aphunzitsi, ndi amayi anga." Kalasi yonse inafa ndi phwete. Wina anakuwa kumbuyo, "Amayi ako a kaunjika aja?" Aphunzitsi anati bodza ndi tchimo, ndikhale pansi. Ndikanakhala pansi. Koma kuyambira ndili wamng'ono, kunditchula wabodza n'kundiyatsa moto. Ndinafotokoza zonse: za mlongo wanga, za foni ya m'thumba, za mphasa ndi kabokosi. Pofuna kuti akhulupirire, ndinawauzanso mawu ena amene sali m'filimu, amene amayi ananena adzukulu akunyamula. Amenewo sindiwalemba pano. Ndinawamwaza kale kamodzi, n'kokwanira. Kuseka kunatha. Aphunzitsi anavula magalasi, n'kukhala pampando wawo. Kenako anati, "Zimene mwamva muno zitsale muno." Anali munthu wabwino, koma sankawadziwa ana a ku Kawale.

Pofika mawa lake masana nkhani inali itafika pamsika. Nditaweruka ndinapita kubenchi kwa amayi monga mwa masiku onse kukatenga kiyi wa kunyumba. Ndinafika limodzi ndi anyamata anayi a kometera tsitsi, akuseka, mmodzi atakweza foni m'mwamba. "Mami, ndiye mumatibisira eti? Ndinu selebu inu! Mwatiliza Kawale yonse." Amayi anamwetulira mwaulemu, kuyesa makasitomala. Mnyamatayo anawaikira foni pakhutu.

Ndinaona nkhope yawo. Anali atagwira kajuzi kachikasu ka khanda. Poyamba anachita tsinya monga ankachitira podutsa pa vidiyo. Kenako, poti foniyo inali pafupi ndipo mawu ankamveka limodzilimodzi, milomo yawo inayamba kutsatira yokha. Dzanja lawo lamanzere linapita pachifuwa. Anthu anali atayamba kusonkhana, azimayi a tomato, a usipa, ana. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Atilawitseko pang'ono laivi!" Ena anaseka, ena anamukalipira. Amayi anapinda kajuzi kaja bwinobwino, anapinda zina zonse chimodzichimodzi, anamanga mtolo, anasenza, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene malonda amayamba kumene kuyenda. Ine ndinawatsatira pambuyo, ndipo mbali ina ya mtima wanga inkadikirabe kuti tikafika kunyumba anyadira.

Amalume tinawapeza pabalaza. Atangoona nkhope ya amayi ndi mtolowo, anatsika pampando n'kugwada. Amayi anatula mtolo pang'onopang'ono. Sanakweze mawu. "Iwe, tsiku lija unali pamaliro kapena unali pantchito?" Amalume anayamba kufotokoza za bambo, za mtsikana wa anyezi, zoti ankafuna kuti mwanayo asaiwalike. "Achemwali, ndinalakwa, koma taonani, Lilongwe yonse ikumulira mwana wathu." Amayi anati, "Akumudziwa dzina?" Kenako amalume atafunsidwa kuti anthu adziwa bwanji, sanandiyang'ane n'komwe, anati mwina ndi anzawo a filimu. Anandiphimba. Koma amayi anatembenukira kwa ine, ndipo ndinadziwa kuti adziwa.

Aphunzitsi anabwera Lamlungu kudzapepesa, ataima pakhomo ngati mwana wolakwa, jekete ili yomweyo. Anati nyimboyo aifufuta m'foni mwawo, ndipo sadzaimvetseranso. Amayi anawapatsa mpando, anawathokoza. "Mwafufuta yanu, aphunzitsi. Nanga za anzanu?"

Patapita masiku atatu galimoto yoyera inaima pakhomo pathu, ana n'kuizungulira. Anali mkulu wa gulu la filimu lija ndi katswiri uja, atavala magalasi akuda. Anabwera ndi shuga ndi mafuta ophikira m'jumbo. Anakhala mwaulemu, anapepesa maliro amene anali atatha miyezi isanu, kenako anafika pa chimene anabwerera. Anthu aikana nyimbo yatsopano, akufuna mayi wakale. Koma zojambula za pafoni zija zili ndi phokoso la mvula ndi tambala wa aneba. Ngati amayi angalole, awatenge ku situdiyo akabwereze mawu omwe aja, "kuti zimveke kiliya, Mami." Amalume nawonso adzabwezeretsedwa pantchito. Aneba anali atadzaza pawindo ndi pakhomo. Amayi anawamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mukufuna ndilirenso ngati tsiku lija? Ndiye kuti afe wina." Anatenga jumbo ija n'kukaika okha pagalimoto. Alendo anapita, koma mawu amenewo aneba anawasunga.

Amalume anachoka sabata yomweyo. Amayi sanawathamangitse, iwo eni sanathe kupirira kudyera mbale imodzi ndi munthu wosawayang'ana. Anapita kwa mnzawo ku Mgona, kukagona pasimenti m'kachipinda kotchinga ndi thumba pakhomo, m'mwezi umene chisanu cha Lilongwe chimalowa m'mafupa. Amayi nawo anasiya kupita kumsika, chifukwa ana ankawatsatira akuimba mawu aja, ena mwachipongwe, ena mongokonda chuni. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, osaimba. Ine sanandimenye, sanandikalipire, ndipo ndinkalakalaka atandimenya. M'nyumba munali zii, ndinkayenda monyang'ama ngati mlendo.

Mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa fumbi ndi majumbo, kunabwera uthenga woti amalume agonekedwa kuchipatala, chifuwa chija chawagwetsa, akutsokomola magazi. Amayi sanafunse kawiri. Anamanga bulangeti, beseni ndi fulasiki, anandisiya kwa aneba, n'kukakhala nawo masabata awiri, akugona pansi pafupi ndi bedi. Aneba ananditenga kamodzi kukawaona. Ndinapeza amayi akuwamwetsa phala ndi supuni, akuwapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kumawakalipira motsitsa kuti, "Meza, iwe." Amalume anali atatha, zala zokha ndi zimene zinali zomwe zija, zikuyendayenda pabulangeti. Anandimwetulira. Sindinapepese. Ndinkayesa nthawi ilipo, paja mphuno salota.

Anamwalira Lachinayi m'mawa. Maliro anachitikira kunyumba kwathu, ndipo kunabwera anthu ambiri kuposa amene amalume anawadziwa ali moyo. Poyamba ndinanyadira. Kenako ndinaona mmene achinyamata anaimira. Sanakhale kwa amuna monga mwa mwambo. Anatsamira mpanda ndi mawindo a siwa, aliyense foni ili m'manja, ataigwira chotsitsa pafupi ndi ntchafu kuti isaoneke. Sanabwere kudzalira amalume. Anangomva kuti wina wafa.

Kwathu bokosi likamalowa m'nyumba, wachibale weniweni ndi amene amayambitsa kubuma, ena n'kulandira. Bokosi linalowa. Azimayi anadikira. Amayi anakhala tsonga, atatambasula miyendo, maso ali pakhoma, ouma gwa. Mayi wina wamkulu wa mpingo anawatsina pantchafu. "Lirani, anthu anena." Ndinamva manong'onong'o akuyenda m'chipindamo: kuti sanamukhululukire, kuti si uja ananena yekha kuti afe wina, kuti mtima woterewu si wa munthu wabwinobwino. Amayi anamva zonse. Analowetsa nsonga ya mpango m'kamwa n'kuiluma, ndipo ndinaona mitsempha ya m'khosi mwawo itaima ngati zingwe. Sipanatuluke ngakhale kamawu.

Ndiye ine ndinaganiza zowathandiza. Ndinkawakonda amalume, chisoni chinalipo chenicheni, komanso ndinkadziwa kuti ndine ndinayambitsa zonsezi. Ndinatsegula pakamwa n'kuyamba kubuma mokweza, kuyambira pamwamba n'kumatsika monga ndinamvera, ndikuitana amalume anga ine. Ndipo ndisaname, diso limodzi linali pawindo. Ndinaona mafoni akukwera.

Dzanja la amayi linabwera mwadzidzidzi n'kunditseka pakamwa. Linali lolimba, lozizira, lonunkhabe sopo wa kuchipatala. Anandikokera pachifuwa pawo, nkhope yanga anaikanikiza m'chitenje, ndipo sanandisiye mpaka bokosi litatuluka. Ndinalimbana nawo, ndinawaluma chala, sanasunthe. Khutu langa linali pa nthiti zawo, ndipo m'katimo ndinkamva chinachake chikukwera n'kubwezedwa, chikukwera n'kubwezedwa.

Ndinawakwiyira amayi chifukwa cha tsiku limenelo, ndipo mkwiyowo ndinakula nawo. Ndinkati anandilanga pamaso pa anthu chifukwa cha pakamwa panga, anandimana kulira amalume anga poti iwo eni anali ouma mtima. Ndinali mwana. Sindikanamvetsa kuti munthu angalole kutchedwa mfiti pamaliro a mlongo wake amene anamulera yekha, n'cholinga choti anthu a pawindo aja apite kwawo chimanjamanja. Sindikanamvetsanso kuti dzanja lija silinali kundilanga, linali kubisa mawu anga kuti nawonso asatengedwe.